Ndalama Zikatha, Chotsala N'chiyani?

Ana anga a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndikuona kuti ambiri mwayamba kuiika sukulu pasikelo ngati malonda. Mnyamata akuti: ndikakoka nawo khoka usiku umodzi, kukacha ndili ndi kangachepe m'thumba, nanga m'kalasi andipatsa chiyani? Mtsikana akuti: bola ndiziyanika matemba pathandala, ndikagulitse ku Insaca kapena ku Nayuchi. Masamu amenewo sindikuwanyoza, chifukwa njala sidikira satifiketi. Koma mwawalekezera panjira.

Nyanja yathuyi ndi yosazama, ndipo imadalira mvula. Mnzake Chilwa inauma mu 1968, n'kudzaumanso mu 1995, mabwato n'kutsala pamatope. Amene chuma chake chonse chinali ukonde anasowa pogwira. Tsono mverani mbali inayo. Akatswiri a zachuma George Psacharopoulos ndi Harry Patrinos atasonkhanitsa kafukufuku wa mayiko ambiri, ananena mu 2018 kuti chaka chilichonse chimene munthu waonjezera pasukulu chimakweza malipiro ake ndi pafupifupi 9 pa 100 iliyonse. Phindu limeneli silioneka mawa m'mawa ngati la khoka, koma umayenda nalo mpaka imvi.

Nkhani imene ndikufuna muisunge inachitikira kwa anansi athu, m'boma la Zomba. Mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku pakati pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Mwezi ndi mwezi mtsikana ankalandira kandalama kake, makolo akenso kawo. Ena ankapatsidwa pokhapokha akamapezeka m'kalasi masiku 80 pa 100 aliwonse, ena ankangolandira popanda lamulo. A lamulo aja ndiwo anakhazikika kwambiri pasukulu. Koma kwa ongolandira aja, mimba ndi maukwati zinachepa, makamaka pakati pa amene anasiya sukulu. Apa panaoneka poyera kuti mtsikana wothamangira banja nthawi zambiri sathamangira chikondi. Amathawa kusowa sopo, chitenje ndi ndiwo pakhomo.

Patadutsa zaka ziwiri ndalama zitaleka, ofufuza aja anabwereranso. Anapeza kuti ongolandira aja anali atafanana ndi anzawo osalandira ndalama pa za maukwati ndi mimba. Kusiyana kunatsala kwa atsikana amene kale anali atasiya sukulu, ndalama za lamulo n'kuwabwezera m'kalasi: iwowa anafika makalasi apamwamba, anachedwa kukwatiwa, ndipo anabereka ana ocheperapo. Komabe pa za ntchito ndi malipiro sipanaoneke kusintha kwenikweni. Ndikukuuzani zimenezi kuti musanamizike: kulembetsa dzina kusukulu pakokha sikutulutsa munthu mu umphawi.

Ndiye langizo langa ndi ili. Thandizo la boma kapena la mabungwe likabwera, landirani ndi manja awiri, koma dziwani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chanuchanu ndi chimene chalowa m'mutu. Pakutha pa chaka musangofunsa ngati mwakhoza. Dzifunseni kuti: kodi kalata yachipwitikizi yochokera kuchipatala nditha kuwawerengera agogo? Wogula nsomba akabwera ndi makwacha, nditha kuwasinthira ku metikali osaberedwa? Ngati simungathe, vutitsani aphunzitsi ndi mafunso, musachite manyazi.

Thupi nalonso lisamaleni. Ku Busia m'dziko la Kenya, Edward Miguel ndi Michael Kremer anapeza kuti mankhwala a njoka za m'mimba ndi likodzo anachepetsa kujomba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Inu mumakhalira kusamba ndi kuchapa m'nyanja. Mukaona magazi m'mkodzo, si chizindikiro cha kukula ayi, ndi matenda, pitani kuchipatala.

Inu anyamata, lamulo la Mozambique la 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo Malawi anaika malire omwewo mu 2017. Kuoloka malire a dziko sikungakupulumutseni. Ndalama ya nsomba musakopere alongo a anzanu. Gulirani mlongo wanu makope ndi nyali yowerengera, ndipo nanunso khoka muzikoka patchuthi, Lolemba likupezeni m'kalasi.