Zilembo zitatu pafupi ndi dzina

Ndatayipa mapulogalamu a pa parishi kwa zaka zambiri, a maukwati, a maliro, a ulimbitso, koma mzere umene unandichedwetsa kuweruka unali wa dzina limodzi basi. Bambo mfumu athu, a chipani cha a Montfort, amakwanitsa zaka 25 ali pa unsembe, ndipo ine ndimatayipa pulogalamu ya mwambowo. Mwana wa mchemwali wawo anafika mu ofesi ndi kapepala kopindapinda, inki itafufutika ndi thukuta la m'thumba: PhD, STL, BA, SMM.

"Amayi, muyambe ndi chachikulucho," anatero, "anthu adziwe kuti amalume anapita kusukulu."

Sindinamuseke. Banjalo linagulitsapo mbuzi kuti mwana wawo afike ku seminale, ndiye ngati akufuna thukuta lawolo lioneke, ndani angawaletse? Ndinangoti, "Achimwene, takhalani pampandopo, nkhaniyi ili ndi malamulo ake."

Malamulowo ndi angapo, ndipo sagwirizana. Ku Britain, buku la Debrett's limayamba ndi ulemu wochokera kwa mfumu ya dzikolo, kenako maudindo monga KC, kenako madigiri, ndipo zilembo za chipani cha mpingo zimabwera pambuyo pa madigiriwo. Madigiri eni ake amasanjidwa kuyambira yaing'ono: BA, MA, PhD, monga mmene munthu anakwerera. Ku America anamwino amatembenuza, digiri yapamwamba patsogolo, RN pambuyo. Komweko ansembe a chipani cha Ajezuiti amakonda kulemba SJ moyandikana ndi dzina, PhD n'kutsatira.

Chimene chimandigwira mtima pa dongosolo la ku Britain ndi VC, mendulo ya Victoria Cross imene inakhazikitsidwa mu 1856. Zilembo ziwirizi zimatsogolera mamendulo ena onse, ngakhale mwini wake akhale msilikali wamba amene sanaponde pa khomo la yunivesite. Amene anasanja zimenezi ankayankha funso lakale kwambiri: mwa zonse zimene munthu wachita, n'chiti chimene tiyambe kutchula? Iwo anati kulimba mtima pamaso pa imfa. Mlendo wanga uja ankati maphunziro.

Pa Mateyu 23 Yesu akudzudzula alembi ndi Afarisi chifukwa chokonda mayina aulemu, ndipo Akhristu ena amati pamenepa tifufute zilembo zonse. Ine sindifika kumeneko. Wodwala ali ndi ufulu wodziwa ngati womupimayo anaphunziradi za udokotala. Zilembo zimatumikira wowerenga. Zimaipa pamene zayamba kutumikira mwini dzina, ngati a "Dr" aja amene digiri yawo ndi yaulemu chabe koma ukaiwala kuwatchula choncho moni sayankha.

Tsono pakati pa PhD ndi SMM, ine ndimaona motere. Digiri munthu amapambana kamodzi. Bambo mfumu akhoza kukalamba, kuiwala Chilatini chonse ndi mutu wa kafukufuku wawo womwe, PhD ikhalabe yawo mpaka kumanda. SMM si choncho. Zilembo zitatuzi, za chipani cha a Montfort, zikuimira malumbiro a umphawi, kusakwatira ndi kumvera, ndipo tsiku limene munthu watuluka m'chipani zimagwa pa dzina lake. Amazisunga m'mawa uliwonse, polandira kalata yowasamutsira ku parishi ya kutali kumene galimoto imatitimira m'dzinja, popempha chilolezo kwa mkulu wawo amene mwina anali wophunzira wawo. Ansembe atatu a Montfort amene anafika pa Nzama ku Ntcheu mu 1901 anabwera chifukwa cha malumbiro omwewa. Chimene munthu akuchigwira ndi manja ake lero ndiye chiyenera kukhala pafupi ndi dzina. Zimene anatola m'njira zitsatire.

Zonsezi sindinamuuze mnyamatayo, nthawi inali itatha ndipo magetsi anali atatsala pang'ono kuzima. Ndinangomuonetsa pa kompyuta: dzina, SMM, BA, STL, PhD. Anayang'anitsitsa, nati, "Ndiye PhD yakhala kumchira?" Ndinamukumbutsa kuti pa mdipiti wa Misa otumikira ndi amene amatsogola, bishopu amalowa pomalizira. Anaseka, nalipira ndalama ya mapepala.

Bambo mfumu anaiona pulogalamuyo Loweruka madzulo. Za zilembo sananenepo kanthu. Anangondibwezera kuti ndikonze dzina la mudzi wawo, limene ndinaphonya chilembo chimodzi.