Madzi saiwala khwawa

M'chilimwe khwawa limauma gwaa, ana n'kumaseweramo, wina n'kuumbamo njerwa poyesa kuti madzi anasamuka. Ikangogwa mvula yamphamvu, madzi aja amadzera momwemo. Akuluakulu amakonda kutchula mwambiwu podandaula za munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, monga chidakwa chomwe chinalumbira kuti mowa chasiya. Koma ine ndikaumva, mtima umathamangira kwa anthu a ku Korea.

Dziko la Japan litalanda Korea mu 1910, silinakhutire ndi minda ndi mpunga wa eni nthaka. Linafunanso chilankhulo chawo chife. Kuyambira mu 1938 Chikoreya chinayamba kuchotsedwa m'sukulu, ndipo mu 1940 mabanja anaumirizidwa kutenga mayina a Chijapani. Tangoganizani, mwana kuchoka pakhomo ndi dzina lomwe anamupatsa agogo ake, kukafika m'kalasi n'kumavomera lina.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya akatswiri a chilankhulo omwe kuyambira mu 1929 ankatolera mawu a Chikoreya kuti alembe mtanthauziramawu. Ankalemba liwu ndi liwu pamanja, m'zilembo za Hangul zomwe Mfumu Sejong inasiyira anthu ake. Mu 1942 apolisi anayamba kuwagwira mpaka anakwana 33, mapepala onse n'kuwalanda kuti akhale umboni kukhoti. Awiri mwa iwo, Yi Yun-jae ndi Han Jing, anafera m'ndende ku Hamhung. Mlandu wake? Kusunga mawu omwe anayamwira kwa amayi awo.

Apa mpamene ndimaona kuti mwambiwu sutiuza kuti tingokhala manja lende kudikira mvula. Madzi amapeza njira yake ngati khwawalo silinakwiriridwe. Ku Korea analipo oliteteza: akatswiri aja, komanso makolo omwe madzulo ankayankhula ndi ana awo m'chinenero chakwawo, ngakhale kusukulu anawo ankalangidwa akachiyankhula.

Japan inagonja mu Ogasiti 1945. Mwezi wotsatira, mulu wa mapepala aja unapezeka m'nyumba yosungiramo katundu pa siteshoni ya sitima ku Seoul. Otsala amoyo anaupukuta fumbi n'kuyambiranso ntchito. Buku loyamba la mtanthauziramawu linatuluka mu 1947, ndipo lomaliza, lachisanu ndi chimodzi, linasindikizidwa mu 1957.