Mapanga awiri pansi pa boneti

Pa shelefu ya kumbuyo kwa galaja imene ndimagwirako ntchito ku Roodepoort pali masilinda hedi awiri a aluminiyamu, okulungidwa m'pulasitiki. Eni ake ndi bambo ena achikulire amene ali ndi Chevrolet C10 yakale ya injini ya V8 yotchedwa 350, ija ya malita 5.7 imene inayamba kupangidwa mu 1967. Galimotoyo amayendera tsiku ndi tsiku, ndipo kangapo pa chaka amakaithamangitsa ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, pa mpikisano wa mamita 402 mowongoka. Mahediwo anaitanitsa okha ku America. Ine ndi amene ndinawamanga, ndinenso amene ndinawamasula patangotha miyezi itatu.

M'kati mwa hedi muli timipita tomwe amakaniko timati mapoti, modutsa mpweya ndi petulo popita kumavavu. Makampani monga AFR, Edelbrock, Dart ndi Brodix amagulitsa mahedi potchula kukula kwa mapotiwa: 180cc, 195cc, 210cc, 220cc. Bambowa anasankha a 220, a mavavu akuluakulu, chifukwa pa pepala ndi amene amalowetsa mpweya wochuluka. Tsiku lomwe mahediwo anafika ndinapisa zala zitatu m'poti, zinalowa osakhuza m'mbali. Ndinasilira ntchito yake, koma mtima unandiuza kuti injini iyi siingamwe zonsezi.

Amene anathirirapo dimba ndi paipi akudziwa. Ukapana kukamwa kwake ndi chala, madzi amafika patali. Ukasiya pululu, amangogwera pa mapazi. Mpweya umachitanso chimodzimodzi. Injini ikamazungulira 2,000 kapena 2,500 pa mphindi, monga imachitira mu Ontdekkers Road pakati pa maloboti, poti yaikulu imaulesitsa mpweya, silinda siidzaza bwino, ndipo galimoto imanyamuka ngati yadzuka ndi malungo. Poti yomweyo imayamba kukoma kupitirira 6,000, kumene kamu yotsegula mavavu ya bambowa siinkafika n'komwe. Onjezanipo kuti Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka kale.

Lamlungu lina kutchalitchi analalikira pa Mateyu 6, pa nkhani ya kapolo ndi ambuye awiri, ndipo maganizo anga anathawira ku C10 ija. Kodi munthu wofuna galimoto imodzi yokagulira buledi ndiponso yopambanira mpikisano akutumikira ambuye awiri? Kwathu ku Ntcheu agogo ankati mapanga awiri avumbwitsa. Kwa nthawi yaitali ndinkamva mawuwa ngati oletsa kufuna zinthu ziwiri. Chitsulo chandiphunzitsa kuwamva mwina. Palibe hedi imene imaima pakati. Ngakhale ya 195, imene ambiri amati ndi yapakatikati, inasankha kale liwiro limene imapumira bwino, ndipo kwinako imangopirira. Mbuye amakhala mmodzi nthawi zonse; winayo ndi mlendo amene umamuyalira mphasa akabwera. Chimene chinavumbwitsa bambowa si kukonda Tarlton ayi. N'chakuti pogula anayankha funso lakuti "ndikufuna kukhala yani?" pamene injini inkafunsa kuti "mumakhala kuti masiku ambiri?"

Ine sindipeputsa masekondi khumi ndi angapo a pa mpikisano aja. Ndinawaonapo bambowa akuvula chipewa chachitsulo atamaliza kuthamanga, manja akunjenjemera, nkhope ili ngwee ngati mwana. Munthu amene wagwira ntchito zaka makumi anayi ali ndi ufulu wokhala ndi chinthu chimene sichimudyetsa koma chimamutsitsimutsa. Koma chikondi chenicheni pa mphindi yotero chimafuna kuti uvomereze kuti ndi yaifupi. Ukaikulitsa mpaka ilamulire Lolemba ndi Lachiwiri, umaononga masikuwo, ndipo mphindiyonso siikoma, chifukwa hedi ya 220 imafuna kamu ina, mapisitoni ena, magiya ena a kumbuyo, ndiye kuti galimoto ina ndi moyo wina. Ndaonapo anthu akupemphera motero, kupempha khomo lalikulu pamene mapapo awo ndi a masiku onse. Nanenso ndinachitapo, chaka chimene ndinabwereka ndalama kuti nditsegule galaja yanga ndisanakhale ndi makasitomala.

Titamasula a 220 aja, tinamanga mahedi a 180cc okhala ndi chipinda choyakira moto cha 64cc, kuti kompuleshoni ikwere pang'ono. Si zachilendo: mahedi a Vortec amene General Motors inatulutsa mu 1996 ali ndi mapoti a 170cc okha, koma amakaniko amawalemekeza mpaka lero. Titatuluka kukayesa, bambowa anaponda pa loboti yoyamba, matayala a kumbuyo nkulira. Anakhala chete mpaka titabwerera pageti.

"Mwana wanga, akulu aja usawagulitse," anatero. "Tsiku lina ndidzamanga injini yowayenera."

"Chabwino bambo, ndiwasunga."

Papita zaka ziwiri. Aluminiyamu sachita dzimbiri, koma mavavu ndi masipuling'i amafuna kuwasamala, choncho mvula ikayandikira ndimatsitsa mahediwo, kuwapaka oilo, nkuwakulunganso.