Wakuba Akufuniranji Loya?

Funso ili ndinalimva pamsika wa ku Mbulumbuzi anthu atagwira mnyamata amene ankamuganizira kuti waba mbuzi. Ena ankati angomukong'ontha pomwepo, za kupolisi n'zotaya nthawi. Kunena zoona, nanenso mtima unali kumbali yawo. Amene anaberedwapo mbuzi akudziwa kuwawa kwake.

Koma tatiyeni tiganize. Tikamutchula kuti "wakuba", mlandu taugamula kale tisanamumve.

Ife a ku Chiradzulu nkhaniyi si yachilendo. Mu January 1915, John Chilembwe ndi anthu ake ataukira atsamunda kuchokera ku Mbombwe, boma linazenga milandu mwaphuma. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa, mmodzi wa iwo John Gray Kufa, ndipo ena pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende. Oweruzawo anali mbali yomweyo imene inakwiyitsidwa, ndipo mantha anali asanathe. Lero timakumbukira Chilembwe pa 15 January, koma sitikonda kufunsa ngati aliyense mwa anthu amenewo anapatsidwa mpata wokwanira wodziyankhira.

Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a mu 1994, likuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Atengedwe kuti ndi wosalakwa mpaka umboni utamugwira. Ali ndi ufulu wokhala chete, wofunsa mboni zomuneneza, wokhala ndi loya, ndiponso womva mlandu wake m'chilankhulo chimene amachidziwa. Mfundo yotsirizayi musaipeputse. Taganizirani agogo anu akumvetsera Chingerezi cha m'khoti, moyo wawo ukukambidwa iwo akungoyang'ana pakamwa pa anthu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi apilo. Lamulo lenilenilo likuvomera kuti woweruza, ngakhale ndi wophunzira ndiponso wolumbira, angathe kulakwitsa. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Khoti Lalikulu linagamula kuti n'kosemphana ndi Malamulo Aakulu kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva mmene zinachitikira. Kuyambira mu 2015 zilango za akaidi oterowo zinaunikidwanso, ndipo oposa 100 anatuluka m'ndende.

Ngati jaji amafunika womuwongola, nanga gulu lolusa pamsika?

Ndikudziwa, milandu imachedwa, ndipo wolakwa nthawi zina amapulumuka. Mwini mbuzi amabwerera chimanjamanja, ndipo ine ndilibe mawu omutonthoza nawo. Mnyamata uja anapita naye kupolisi magazi akuchucha pamphumi. Ngati anabadi, mpaka lero sindidziwa. Enanso amene anali pamsikapo tsiku limenelo sankadziwa.