Kodi Wojambula ndi Mboni Kapena Woonerera?

Kale, mlandu ukafika pabwalo la mfumu, funso loyamba la nyakwawa linali lakuti, "Anaona ndani?" Munthu angalire motani, angaonetse mabala otani, ngati panalibe wina woimirira ndi kunena kuti maso ace anaona, mlanduwo unali kuzilala. Ndipo mlandu ukakhala wa munthu wamba ndi mwana wa mfumu, mboni zinali kusowa ndithu, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Onse anaona, koma onse anali ndi minda ndi ana m'mudzi momwemo.

Masiku ano m'masitolo a ku Kamwala, mu Lusaka, lamya za m'manja zokhala ndi diso lojambula kanema zigulidwa monga zigulidwa nsapato ndi mapoto. Wowerenga ayerekeze tsono kuti tsiku lina apolisi agwira mnyamata wogulitsa salaula m'mbali mwa mseu, namgwetsa pansi, nayamba kumponda ngakhale iye sali kulimbana nao. Mai wina waima pakhomo la sitolo. Sapfuula, sathamangira kukaleretsa. Angokweza lamya yace najambula. Madzulo ace anthu atsutsana. Ena ati mai uja anacita camuna. Ena ati alibe cisoni, cifukwa mwana wa mnzace anali kubvulazidwa iye ali kuonerera ngati gule. Funso limeneli si laling'ono, ndipo ocita manyazi ndi mcitidwe wa maiyo sali opusa ai. Mwambo uphunzitsa kuti ndeu ileretsedwa, siipenyereredwa.

Koma ndeu yoleretseka ndi ya anthu olingana. Wolowa pakati pa mfuti ndi munthu wogona pansi angoonjeza ciwerengero ca ogona pansi. Mtsikana wa zaka 17, Darnella Frazier, anadziwa zimenezi pa 25 May 2020 mumzinda wa Minneapolis ku America, pamene wapolisi Derek Chauvin anatsamiza bondo lace pakhosi pa George Floyd mphindi zoposa 9 kufikira munthuyo anatsirizika. Mau oyamba a apolisi anali akuti munthuyo anadwala alikugwidwa. Za bondo sanachuleko. Kanema wa mtsikanayo ndiye anagwetsa mauwo. Komatu cimene ciyenera kusinkhidwa ndi ici: mu 2021 iye anaimirira m'bwalo la milandu, nalumbira, nauza oweruza kuti usiku wambiri anali kukhala maso ndi kupepesa kwa malemuyo cifukwa sanacite zoposa pamenepo. Woonerera gule sasowa tulo. Chauvin anapezeka wolakwa, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 22 ndi theka.

Kuno kwa anansi zinacitikanso. Pa 26 February 2013 ku Daveyton, m'dziko la South Africa, apolisi anamangirira Mido Macia, mnyamata wa ku Mozambique woyendetsa taxi, kumbuyo kwa galimoto lao ndi unyolo wa m'manja, namkwekweza mumseu khamu la anthu likupfuula. Anafera m'citokosi tsiku lomwelo. Khamulo linapfuula, inde, koma galimoto silinaime. Cimene cinatsala ndi kanema wa munthu mmodzi wa m'khamumo, ndipo mu 2015 apolisi 8 anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, nalandira zaka 15 aliyense.

Anthu a mu Lusaka safunika kupita kutali kuti amve za izi. Wocokera ku Kamwala akakwera mseu wa Independence Avenue, posacedwa afika kumaofesi a Boma. Kumeneko, pa 23 December 2020, khamu linasonkhana pamene a Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa cipani cotsutsa, anaitanidwa kulikulu la apolisi. Pobalalitsa khamulo anthu awiri anaomberedwa nafa: Joseph Kaunda, wotsatira cipanico, ndi Nsama Nsama, woimira Boma pa milandu, amene sanali wa m'khamumo konse koma anangoturuka muofesi kukagula cakudya. Apolisi poyamba anati awiriwo anafa m'njira yosadziwika. Koma dzuwa lisanalowe zithunzi ndi kanema za pamalopo zinali zitafika m'lamya za anthu dziko lonse, ndipo nkhaniyo sinathenso kukwiriridwa. Mu 2021 wapolisi mmodzi anagwidwa naimbidwa mlandu wakupha, ndipo bungwe la Human Rights Commission, litafufuza, linanena poyera kuti awiriwo anaphedwa ndi apolisi.

Pamenepa pali cinthu cimene okonda kutamanda lamya aiwala. Kanema aonetsa utsi, mtembo, ndi anthu obvala yunifomu ofanana okha-okha, sachula dzina. Culuke-culuke ngwa njuci, umanena iyo yakuluma. Kuti njuciyo ipezeke panafunika anthu a miyendo ndi pakamwa, ofunsa ndi oyankha, ndi madokotala opima mitembo. Ngakhale kanema womveka bwino sapambana mlandu pa yekha. Mu 1991 George Holliday anajambula apolisi a ku Los Angeles akukwapula Rodney King, dziko lonse linaona, koma mu 1992 bwalo loyamba linawamasula apolisiwo. Maso a oweruza anaona cimene mitima yao inafuna kuona.

Cifukwa cace kusiyana kwa mboni ndi woonerera sikuli pa nthawi yojambula, pakuti pamenepo onse awiri aoneka cimodzi-modzi, dzanja m'mwamba, pakamwa cete. Kusiyana kuoneka m'mawa mwace. Woonerera atumiza kanemayo kwa anzace, naikapo mau oseketsa kapena otukwana, naiwala. Mboni isunga kanemayo monga anajambulidwira, wosadula mutu kapena mcira. Ikumbukira tsiku, ora ndi malo. Ndipo ipita naye kumene mlandu ungamveke, idziwa kuti idzafunsidwa dzina ndi kumene ikhala. Apa ndipo pali mtengo wace. Mai wa pasitolo uja mawa adzatsegulanso sitolo pamseu womwewo, ndipo apolisi omwewo adzapita pakhomo pace. Munthu wokhala pamthunzi asafulumire kumuyesa wamantha akazengereza.

Kusadula kanema ndi cilungamo kwa wapolisinso. Iyenso ndi mwana wa munthu, ali ndi ana ace kukampu ya Sikanze, ndipo kanema woyambira pa cibonga, wobisa mwala umene unaponyedwa poyamba, ndi umboni wonama ngakhale cithunzi ciri conse m'menemo ncoona. Wodula motero cifukwa ca cipani cace waononga nkhokwe ya onse, pakuti tsiku limene kanema woona adzaturuke, olakwa adzangoti, "Nawonso ngwodula."

Palinso za womwalirayo ndi abale ace. Mwambo uti uthenga wa maliro upita ndi munthu, amene afika, nakhala pansi, nayamba wapereka moni, ndipo pambuyo pace anena mau olemerawo pang'ono-pang'ono. Lero mai angathe kuona nkhope ya mwana wace ali gone m'mwazi pa lamya ya mnzace wa pamsika, wina asanamuuze kanthu. Ici ncoipa, ndipo sicisanduka cabwino cifukwa cakuti kanemayo anathandiza mlandu. Nthawi zina palibe njira yina, popeza cobisika cikadabisikabe. Koma wofalitsa adziwe kuti watenga kanthu kwa banja lija kosapempha, ndipo ngati nkhope ingaphimbike umboni wosaonongeka, aiphimbe.

Olamulira, a cipani ciri conse, sakondwera ndi diso limene sanalilembe nchito. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'Zambia, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linakadandaula ku High Court. Lamulo la za pa intaneti la mu 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo ena mu 2025, pansi pa Boma latsopano, ndipo odziwa malamulo ndi atolankhani anadandaula pa onse awiri kuti apatsa Boma mphamvu yaikuru yosuzumira m'lamya za anthu.

Ndipo diso limeneli lipenya pamseu pokha. Mido Macia anajambulidwa ali kukwekwezedwa, koma m'citokosi m'mene anafera munalibe wojambula. Ndi cimodzi-modzi m'ndende ya oyembekeza milandu yao. Wolowa m'menemo asiya lamya yace pacipata, ndipo cimene cimcitikira kuseri kwa linga cidziwika pokha-pokha mnzace wa m'cipinda, kapena mlonda wa ndendeyo, akalimba mtima nanena ndi pakamwa pace kuti, "Ndinaona ndine."