Chikomekome cha Mkuyu, Mkati Muli Nyerere

Amene anakulira pafupi ndi mtsinje wokhala ndi mikuyu sasowa womumasulira mwambi uwu. Nkhuyu zikapsa zimafiira mokopa, zitaunjikana m'nthambi, ndipo mwana wanjala amangotola n'kuponya m'kamwa. Wamkulu amayamba waing'amba pakati, chifukwa akudziwa kuti mkatimo mumakhala tizilombo, tina tamapiko, tina nyerere zotsata kutsekemera. Makolo ankaunena mwambiwu kwa mnyamata wokopeka ndi nkhope ya namwali asanadziwe khalidwe lake, kapena kwa mtsikana wotengeka ndi zovala za mlendo. Ambiri amaumva ngati ukuletsa kudya nkhuyu. Ine ndimaumva ukuti: ing'ambe kaye, uone.

Ndinaukumbukira tsiku limene mwana wa mlongo wanga anafika pakhomo akukankha sikuta yake, thukuta lili kamukamu. Ndi kanjinga kamoto ka 50cc kamene amapitira kuntchito ku Lilongwe. Kanali kukwera zitunda mozengereza, anzake a kabaza akumudutsa n'kumuimbira hutala, ndiye anapita kusitolo ina ya masipeya n'kugula zinthu zitatu: ekizozi yonyezimira ngati siliva, fyuluta yofiira yoonekera panja, ndi kabokosi ka CDI kolembedwa kuti ndi kampikisano. "Amalume, mukanamva kulira kwake," anatero. Kanalira bwino ndithu kwa milungu ingapo. Kenako kanatentha, kanazima pakati pa msewu, ndipo kikisitata anauma gwa.

Injini ya kasikuta kameneka ndi ya mtundu wa GY6, ndipo yaing'onoyi amaitcha 139QMB. Mafakitale ambiri a ku China amapanga injini yofanana ndendende n'kuiika m'masikuta a mayina osiyanasiyana. Ndi mwayi kwa mwini wake, chifukwa masipeya sasowa ndipo sipeya ya sikuta ina imalowa bwinobwino mu ina. Komanso mpamene pali msampha. Chitsulo chabwino ndi chitsulo chachabechabe zimatuluka m'chikombole chooneka chimodzimodzi, n'kukhala pa shelefu imodzi.

Tengani silinda yaikulu imene anyamata amaifuna kwambiri. Pisitoni ya injiniyi ndi ya mamilimita 39 m'mimba mwake. Pabokosi la silinda yowonjezera mphamvu amalemba zilembo zikuluzikulu kuti 80cc, koma mukayeza pisitoniyo mupeza mamilimita 47, ndipo mukawerengetsera bwino ndi 72cc chabe. Ija yolembedwa 100cc imakhala ndi pisitoni ya mamilimita 50, imene imangopitirira 80cc pang'ono. Mphamvu imawonjezekadi, sindikana, koma nambala ya pabokosi ndi khungu la nkhuyu. Mayina odziwika ngati Malossi ndi Polini a ku Italy, kapena pulagi ya NGK, ndi enieni ndipo ali ndi mbiri yabwino, n'chifukwa chake opanga zafeki amakonda kuwamata pa katundu wawo.

Makaniko wachikulire amene tinamupititsira sikutayo sanalankhule zambiri. Anamasula pulagi n'kutionetsa nsonga yake itayera mbee ngati phulusa. "Mwana wanga, mwaipatsa mpweya wambiri koma mwaimana petulo," anatero. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Injini imadya mpweya ndi petulo mosakaniza pa muyeso wake. Mukachotsa bokosi la fyuluta n'kuikapo yotseguka, n'kuwonjezera ekizozi yotulutsa utsi mosavuta, mpweya umachuluka, koma kabowo ka jeti m'kabuleta kamakhala komweko. Msakanizo wochepa petulo umatenthetsa injini, ndipo injini yaing'onoyi ilibe madzi oiziziritsa, imadalira kafani basi. Pisitoni ikatupa ndi kutentha imakanirira m'silinda. Pulagi ya injini yodya bwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka. Ikada ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikayera, ngozi yayandikira.

Jeti yoyenera simungailembere kutali. Petulo wa ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo ethanol amafuna kabowo kokulirapo pang'ono. Mpweya wa ku Dedza, pamwamba pa mapiri, ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku Chikwawa m'chigwa cha Shire, choncho jeti yokwana kumtunda ikhoza kuperewera kumunsi. Nambala imene munthu wa ku Ulaya anagwiritsa ntchito ndi poyambira chabe. Chotsalacho ndi kuyesa, kumasula pulagi, kuyang'ana, kuyesanso.

Ndiye pali fumbi. Fyuluta yofiira ija inapangidwira misewu yoyera. Pa fumbi la mu Okutobala, kapena m'misewu yadothi ya m'makwalala athu, imalowetsa timchenga timene timapala silinda ngati sandipepa. Makaniko uja anapisa chala m'khosi mwa kabuleta n'kuchitulutsa chitafiira ndi dothi. Bokosi lakuda lapulasitiki limene mnyamatayo anataya kuseri kwa nyumba, loipa m'maso lija, ndi limene linkateteza injini yake.

Chimene chimandikhudza n'chakuti liwiro limene ankalifunalo linali mkati mwa sikuta yake yomwe, kuseri kwa chivundikiro cha kumanzere kumene sankatsegulako. Sikuta ilibe tcheni ndi magiya ngati njinga za kabaza. Ili ndi lamba woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo m'pule yakutsogolo muli timarola tisanu ndi kamodzi timene timakankhira lambayo kunja injini ikamathamanga. Lamba akatha amawonda, ndipo sakwera mpaka m'mphepete mwa pule, choncho liwiro limatsika mwini wake osadziwa chifukwa. Timarola tikatha timaphwatalala mbali imodzi n'kumakakamira. Kulemera kwake, kumene amayeza m'magalamu, ndi kumene kumasankha khalidwe la sikuta: topepukirapo timalola injini kuzungulira mwamphamvu ponyamuka ndi pachitunda, tolemera timaifooketsa poyambira. Mukapepukitsa mopitirira muyeso, injini imangokuwa osapita patali. Kusintha theka la galamu kumamveka m'manja mwa woyendetsa. Ndipo timarola ndi lamba mtengo wake sufika pa wa ekizozi ija.

Kung'amba nkhuyu kusitolo ya masipeya n'kotani? Pitani ndi sipeya yakale m'manja. Werengani nambala zolembedwa pamsana pa lamba, monga 669 kapena 729, chifukwa injini imodzi yomweyo ili ndi mitundu ya utali wosiyana. Pemphani kuti bokosi litsegulidwe, yezani pisitoni, sisitani chala m'kati mwa silinda. Wogulitsa wokana kutsegula bokosi wakuuzani kale zimene zili mkati.

Pali chinanso chimene sindifuna kuchilumpha. Ku Ulaya masikuta a 50cc lamulo limawaikira malire a makilomita 45 pa ola, ndipo mabuleki ndi timatayala take ta mainchi 10 anatipanga poganizira liwiro lotero. Wowonjezera mphamvu ya injini osayang'ana mabuleki waika nyerere zoopsa kuposa zonse pansi pa mpando wake. Ndinamuuza mwana wa mlongo wangayo kuti ndimuthandiza kulipira silinda pokhapokha tikayamba ndi mabuleki ndi matayala, ndipo anavomera, ngakhale nkhope inali itagwa.

Makaniko anaikamo silinda ya mamilimita 47, anakuza jeti, anabwezeretsa bokosi lakuda lija, anasintha lamba ndi timarola, n'kuchuna mavavu. Anamulamula kuyenda pang'onopang'ono milungu yoyamba ndi kusintha oyilo msanga. Tsopano kasikutako kamalira motsitsa, ndipo chitunda chimene kankakwera mwini wake akuthandizira ndi mapazi kamakwera katanyamula thumba la ufa kumbuyo. Loweruka lililonse ndimamuona atagwada pakhonde ndi sipanala, akumasula pulagi n'kuiyang'anitsitsa padzuwa.