Kodi Ananama Ndani Tsiku Lija?

Ndili mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kumudzi, tinamva mphekesera yoti oyendera sukulu afika Lachinayi. Usiku wa Lachitatu tinachezera pa nyali kulemba masikimu ndi mapulani a maphunziro a teremu yonse. Mphunzitsi wamkulu anatuma mnyamata pa njinga kukabwereka maikulosikopu kusukulu yogonera komweko, pakuti ife labotale tinalibe. M'mawa mwake ndinaphunzitsa Fomu 3 phunziro la Bayoloje lomwe tinali titaphunzira kale sabata yapitayo. Ana anayankha mafunso mopikisana, mlendo uja analemba zondiyamikira, ndipo dzuwa lisanapendeke galimoto inanyamuka.

Lachisanu mtsikana wina anakweza mkono. "Aphunzitsi, makina aja tiwaonanso liti?" Ndinasowa chonena, chifukwa anali atabwezedwa kale kwa eni ake.

Funso lakelo landisautsa zaka zambiri. Kodi ananama ndani tsiku lija? Ine sindinalankhule bodza lililonse. Woyendera uja analemba zimene maso ake anaona. Komabe lipoti linapita ku likulu likunena kuti silabasi ikuyenda bwino pasukulu yomwe ana ankaphunzira sayansi pongoona zojambula pabolodi.

Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a MSCE amalembetsa ndi a MANEB ku Zomba. Pepala la mayeso limakhala limodzi dziko lonse. Mwana wa ku Dedza Secondary School ndi mwana wa sukulu yoyendera amafunsidwa funso lomwelo. Chonsecho zambiri mwa sukulu zoyenderazi zinali ma DEC, malo ophunzirirapo maphunziro a m'makalata, ndipo boma linazisandutsa sekondale mu 1998 zilibe malabotale, mabuku okwanira ngakhale aphunzitsi osulidwa ntchito ya ku sekondale. Pakati pa wolemba silabasi ndi mwana wa m'kalasi, munthu amene amatha kuona mbali zonse ziwiri ndi woyendera sukulu.

Tsono ntchito yake ili pawiri. Aone ngati mphunzitsi akuphunzitsa zimene zinalembedwa, komanso akanene kwa akuluakulu ngati zolembedwazo n'zotheka ndi zomwe zilipo pasukulu. Akagwira mbali yoyamba yokha amasanduka wapolisi, ndipo munthu woopa wapolisi amabisa. N'chifukwa chake tinabwereka makina aja. Tinkateteza ntchito zathu, osadziwa kuti tikutseka pakamwa pa munthu amene akanatilankhulira.

Sindikudziyeretsa. Mantha anali oona, koma amene analipira si ine. Analipira ndi ana aja, amene anakalowa mayeso ochita ndi manja atagwirapo chipangizo kamodzi kokha. Ndikanamuonetsa mlendoyo kabati yopanda kanthu ndi buku limodzi lomwe ana khumi ankalimbirana, mwina akanandidzudzula, koma choonadi chikanafika kumene chinkafunika.

Naye woyendera ali ndi mlandu wake. Munthu amene anagwirapo choko amadziwa kuti kalasi yoyankha bwino chotero yachita kukonzedwa. Akanatsegula makope a ana, akanapeza phunziro lomwelo litalembedwa kale ndi tsiku lake. Akanafunsa mwana mmodzi yekha kuti makinawo anayamba kuwaona liti. Sanafunse, mwina chifukwa lipoti losalala silivutitsa aliyense.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Woyendera sukulu angathe kukhala chilichonse mwa ziwirizi, ndipo amene timasankha ndi tonse, iye ndi ife omulandira. Lero aphunzitsi achinyamata akandifunsa chochita akamva kuti alendo akubwera, ndimawauza kuti asese pabwalo monga mwa ulemu wathu, koma kabati yopanda kanthu ija aisiye chotsegula.